Sekondale yaulere tailandira, koma ya 1994 ija ndinaiona ndi maso anga

Akonzi,

Ndiloleniko malo m'nyuzipepala yathuyi. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Choko ndinachigwira zaka 34, kuyambira 1977 mpaka 2011, ndipo masiku ano ndili kwathu ku Dowa, komwe ntchito yanga ndi kudyetsa nkhumba ziwiri ndi kukangana ndi wailesi. Chandilembetsa kalatayi ndi nkhani ya sekondale yaulere. Pamaliro, pachigayo, ngakhale potuluka m'tchalitchi nkhani ndi yomweyi, ndipo anyamata amene ndinawaphunzitsa, omwe pano ali ndi imvi zawozawo, akandiona amafunsa kuti, "Aphunzitsi, inu mukuti bwanji?" Ndimawayankha kuti ndakondwa, ndipo sindinama ayi. Kungoti ine ndinalipo pamene pulaimale yaulere inkayamba mu 1994, ndipo zina zimene ndinaona chaka chimenecho sindimazimva zikukambidwa pawailesi.

Ndiyambe ndi chimene chimandikondweretsa, kuopa kuti wina angati mdalayu ngwansanje. Ndinali ndi mlongo wanga wobadwa pambuyo panga, wanzeru kundiposa kutalitali. Masamu a Sitandade 5 amene ine ndinkalira nawo, iye ankawachita ali Sitandade 3, akusinja. Chaka china fodya wa bambo sanachite bwino, ndalama ya fizi inangokwanira mwana mmodzi, ndipo panalibenso zokambirana kuti apite ndani. Ndinapita ine chifukwa ndine mwamuna. Fiziyo inali yochepa, mwana wa lero atamva akhoza kuseka, koma kwa munthu wodalira khasu inali phiri. Mlongo wangayo anakwatiwa asanakwanitse zaka 17. Mpaka lero akalandira uthenga wa Chingerezi pafoni amatuma mdzukulu kuti adzandiwerengetse. Ndiye munthu akandiuza kuti sukulu yaulere inaononga dziko, ndimamufunsa kuti kwawo anatsala ndani.

Tsono za 1994. Chisankho chinachitika mu Meyi, a Bakili Muluzi anapambana, ndipo lonjezo la sukulu yaulere lomwe ankanena pamisonkhano analikwaniritsa chaka chomwecho. Kunena zoona, fizi inali itayamba kale kuchotsedwa pang'onopang'ono m'makalasi oyambirira zaka zochepa m'mbuyomo, ndipo atsikana osabwereza kalasi ankathandizidwa ndi pologalamu yolimbikitsa maphunziro a atsikana ya GABLE. Koma kuchotsa fizi yonse nthawi imodzi, n'kunenanso kuti yunifolomu sikukakamiza, chinali chinthu chachilendo. M'dziko lonse ana a pulaimale anachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi.

Manambala amenewa pawailesi amamveka okoma. Ine ndinawaona atavala makabudula ong'ambika, atafola kuyambira pakhomo la ofesi ya ahedi mpaka kukafika kuchitsime. Nthawiyo ndinali wachiwiri kwa ahedi pasukulu ina ya kumudzi, ndipo kulemba maina a Sitandade 1 inali ntchito yanga. Zikalata za kubadwa kunalibe. Tinkagwiritsa ntchito njira yakale ija: mwana adutsitse dzanja pamwamba pa mutu, akagwira khutu la mbali inayo ndiye kuti wakwana. Koma chaka chimenecho vuto silinali ana aang'ono okha. Panabwera anyamata a zaka 14, 15, oweta ng'ombe, mawu atayamba kale kukula. Mmodzi ndinamufunsa zaka zake, iye anati, "Sindidziwa, koma ndinameta kudambwe chaka chatha." Mayi wina anabwera ndi ana anayi, wamkulu ndi wamng'ono kusiyana ngati mpanda ndi chitsa, onse kudzayamba Sitandade 1. Rejisitala inadzaza isanakwane 10 koloko. Tinang'amba mapepala pakati pa makope n'kumalembapo. Pofika Lachisanu, Sitandade 1 yokha inali ndi ana oposa 300, zipinda zake ziwiri, aphunzitsi ake awiri.

Boma linayankha polemba aphunzitsi pafupifupi 20,000 osaphunzitsidwa ntchito, ambiri a JCE, ndipo anangowapatsa maphunziro a masabata awiri kapena atatu. Kwathu anatitumizira asanu. Mmodzi mwa iwo sindidzamuiwala, mnyamata wa zaka 21, mwana wa m'dera lomwelo, yemwe ndinamuphunzitsa ndekha Sitandade 6. Tsiku lake loyamba ndinamuperekeza pansi pa mtengo wa kachere pomwe tinaikapo gulu lachitatu la Sitandade 1. Bolodi tinalitsamiritsa pathunthu la mtengo, pansi tinatchinga ndi njerwa ziwiri. Ana 120 atakhala pafumbi, a kumbuyo ali pafupi ndi msewu. Anatembenuka kuti alembe "a" pabolodi, choko chinathyoka, ana anaseka, iye anatuluka thukuta mpaka malaya kumata. Pa nthawi yopuma anandipeza kuseri kwa ofesi n'kundifunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, kodi mwana amene sadziwa kalikonse mumayamba naye pati?" Funso limeneli kukoleji tinalitafuna zaka ziwiri. Iye anapatsidwa masabata osakwana atatu, ndipo palibe anamuuza.

Anapulumukira nyimbo. Kuyambira 7:30 mpaka kuweruka, pansi pa kachere paja pankamveka a e i o u, ana akufuula mpaka mbalame kuthawa. Makolo odutsa pamsewu ankati sukulu yakoma. Koma ukatenga mwana mmodzi n'kumulozera "o" payekha, osayambira pa "a", ankangokuyang'ana. Kenaka mvula inayamba. Mtambo ukangoda cha kum'mawa, ahedi ankaliza chitsulo, makalasi anayi a panja n'kubalalika. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ana amenewo anaphunzira mwina theka la masiku. Akulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope ake tinawaponda ndife, pamene eni lonjezo anali kutali. Gulu lomwe ndinalilemba chaka chimenecho ndinalitsata. Mwa oposa 300 aja, amene anadzalemba mayeso a Sitandade 8 pasukulu pathu sanakwane 40. Ena anabwereza, ena anasamuka, koma ambiri anangosiya, osati chifukwa cha fizi, koma chifukwa mwana wa zaka 12 amene wakhala zaka zinayi pafumbi osadziwa kuwerenga amazindikira yekha kuti akungotaya nthawi.

Maphunziro enieni a aphunzitsi aja, otchedwa MIITEP, anadzayamba mu 1997: miyezi itatu kukoleji, kenaka kubwerera kusukulu ndi mabuku oti aziwerenga okha akuphunzitsa. Ndiye kuti ana anatsogola, mphunzitsi anatsatira patapita zaka zitatu, ndipo ena anadikira nthawi yawo kuposa pamenepo. Mnyamata wa pakachere uja anadzakhala mphunzitsi wabwino zedi, anapuma ali hedi. Sindimunyoza ayi. Ndimangowerenga ana amene anadutsa m'manja mwake iye asanadziwe poyambira.

Chimene chimandipweteka n'chakuti nzeru yoyamba ndi mphunzitsi si yachilendo kuno. Agogo anga aamuna anali mphunzitsi wa sukulu ya m'mudzi pansi pa mishoni ya Adatchi. Mishoni imeneyi inayambira kwathu konkuno, ku Mvera, mu 1889, kenaka Kongwe mu 1894 ndi Nkhoma mu 1896. Agogo ankatisimbira kuti mfumu ikapempha sukulu, azungu sankayamba ndi kumema ana. Ankayamba ndi kupeza mnyamata woti amuphunzitse kumishoni, ndipo akamutumiza kumudzi ankamuyendera, komanso chaka ndi chaka ankaitana aphunzitsi onse kuti akawonjezere nzeru. Agogo ankayenda wapansi ulendo wa masiku awiri atasenza mphasa ndi ufa. Sukulu yawo inali ya mitengo ndi udzu, ana ankalemba pansi ndi chala asanafike pa sileti, koma amene anadutsa m'manja mwawo ankawerenga Buku Lopatulika ndi kulemba kalata kwa abale awo ku Harare ndi ku Joni.

Sindikunena kuti nthawi ya amishoni inali paradaiso. Sukulu zambiri za m'midzi zinkathera pa kuwerenga ndi katekisima. Adatchi sankafuna kwenikweni kuti ana athu adziwe Chingerezi, kusiyana ndi Asikotchi a ku Livingstonia, omwe anayamba ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe, ndipo pofika 1894 Dr Robert Laws anali atatsegula sukulu yaikulu ya Overtoun ku Khondowe yophunzitsa aphunzitsi, amisiri ndi makalaliki. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri m'maofesi munkadzaza anzathu a kumpoto, ife a pakati tikulima fodya, ndipo mkangano wa kota, yosankha ophunzira potengera boma lochokera, umene tinakhala nawo zaka zonsezi mizu yake ili pamenepo. Sukulu inalinso nyambo ya mpingo. Abale athu Achisilamu a ku Mangochi ndi Machinga ankabisa ana awo poopa kuti akabwerako atabatizidwa. Ndipo John Chilembwe atatsegula sukulu zake ku Mbombwe kuyambira 1900, ankatsutsana ndi maganizo omwewo oti munthu wakuda amukwanira maphunziro a theka.

Boma la atsamunda lokha ndiye linali ndi tulo. Dipatimenti ya maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926, patatha zaka 51 sukulu yoyamba itatsegulidwa, ndiponso pambuyo poti nthumwi za bungwe la ku America la Phelps-Stokes zayendera dziko lino mu 1924 n'kuona kuti boma likungoonerera. Koma taonani chimene anayamba nacho atadzuka: sukulu ya Jeanes ku Domasi, komwe aphunzitsi ankapita pamodzi ndi akazi awo kukaphunzira kuyang'anira sukulu za m'midzi. Ngakhale atsamunda aulesiwo anadziwa kuti poyambira ndi pa mphunzitsi.

Sekondale, yomwe tikukambirana lero, inabwera mochedwa kwambiri. Blantyre Secondary School ndi ya 1940, Zomba Catholic ya 1942, ndipo boma lenilenilo linadzatsegula yake ku Dedza mu 1951. Kuchokera 1875 kufika 1940 ndi zaka 65 dziko lilibe sekondale. Khomo la sekondale linabadwa lopapatiza, ndipo ufulu wa 1964 sunalikulitse mokwanira. Ine Sitandade 8 ndinalemba katatu. Ndinkakhoza chaka chilichonse, koma dzina osatuluka. Anzanga ena ankasintha maina, kuchepetsa zaka, kusamukira kwa amalume ku boma lina poyesa mwayi. Chinandipulumutsa ndi Malawi Correspondence College, yomwe inayamba mu 1965, chaka chomwe Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba ku Chichiri. Tinkasonkhana m'kalasi ya pulaimale, kuwerenga timabuku totumizidwa papositi, kumvera maphunziro pawailesi, ndi woyang'anira mmodzi yemwe nayenso zina sankazidziwa. JCE yanga ndinaipeza choncho, ndipo ndi imene inanditengera kukoleji ya aphunzitsi.

Ndili kale pantchito, mu 1981, a Kamuzu anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, ana ophunzira Chilatini ndi Chigiriki, aphunzitsi ochokera kunja. Nthawi imeneyo pakamwa tinkatseka, koma mumtima tinkawerenga kuti ndalama za sukulu imodzi ija zikanamanga zipinda zingati kwathu kuno. Komabe chimodzi ndimawavomereza a Ngwazi: pomanga sukulu ya pamtima pawo, aphunzitsi anawafunafuna okha ana asanafike. Ankadziwa bwino lomwe chimene chimapanga sukulu. Anangochisungira ana ochepa.

Tsono mvetserani apa, Akonzi, chifukwa sekondale tinaikulitsapo kale kamodzi, ndipo ambiri aiwala mmene zinayendera. Malo ophunzirira a Correspondence College yanga ija, yomwe inali itasintha dzina kukhala MCDE, mu 1998 anasandutsidwa ma CDSS, masekondale oyendera a m'madera. Chikwangwani chinasintha tsiku limodzi. Aphunzitsi a sekondale kunalibe, ndiye anabwera kudzatapa kwa ife ku pulaimale. Pasukulu pathu anatenga mphunzitsi wa Sitandade 8, katswiri wa masamu amene ankatitulutsira ana chaka ndi chaka, n'kukamupatsa sayansi ya Fomu 3 ndi Fomu 4. Tinkakumana pamsika Loweruka, iye atapanira buku kukhwapa. Anandiuza kuti usiku amawerenga pakoloboyi zimene akaphunzitse mawa, ndipo mpweya wa oxygen amaujambula pabolodi chifukwa labu kulibe, ngakhale botolo limodzi. Ife tinataya mphunzitsi wabwino wa pulaimale, iwo sanapeze mphunzitsi wa sayansi. Mpaka lero zotsatira za MSCE zikatuluka, yang'anani kumene ma CDSS a kumidzi ali pamndandanda, pamene ana ambiri a sekondale za boma ali m'sukulu zimenezo.

Zosintha zina zinabwera n'kupita ngati mafashoni a chitenje. Chilankhulo chophunzitsira makalasi oyamba: Chichewa kuyambira 1968, zilankhulo za makolo mu 1996, Chingerezi kuyambira Sitandade 1 potsatira lamulo la maphunziro la 2013. Silabasi yatsopano ya pulaimale ya PCAR mu 2007, yomwe inatipatsa mafomu ambiri oti tizilemba za mwana aliyense, ngati kuti amene anaikonza sanaonepo kalasi ya ana 150. JCE inachotsedwa, patangopita zaka zochepa inabwezedwa. Chilichonse mwa izi chinkatipeza ndi kalata yochokera ku boma ndi msonkhano wa masiku atatu ku TDC, malo osonkhanira aphunzitsi a m'dera, alawansi yake yodikira. Chimene ndinaona chikusinthadi kalasi ndi phala. Sukulu ikayamba kuphika phala, ana ankafika 7 koloko isanakwane, kapu m'manja, ndipo kujomba kunkachepa. Koma phala limabweretsa mwana pakhomo basi, kumuphunzitsa ndi nkhani ina.

Ndiye pempho langa kwa a unduna ndi aphungu athu ndi ili. Potiuza za ulere, atiuzenso manambala enawo. Ana owonjezera amene akuyembekezeka mu Fomu 1 ndi angati? Aphunzitsi a masamu, sayansi ndi Chingerezi amene alembedwa ntchito chifukwa cha anawo ndi angati, ndipo apita ku maboma ati? Nyumba zawo zili kuti? Mphunzitsi wa digiri sangakhale kumudzi kopanda nyumba, amapempha transifa teremu yoyamba, ndipo ine sindimuda. Ndalama zimene makolo ankapereka, zomwe ahedi ankagulira choko, mapepala a mayeso ndi kulipira mlonda, zikachoka, za boma zolowa m'malo mwake zizifika mwezi uti? Ku pulaimale tinaona. Fizi itachoka, thandizo linkachedwa, ndipo posakhalitsa kunabadwa ndalama ya chitukuko, ya mlonda, ya lipoti, ya mayeso a teremu, mpaka kholo linayamba kufunsa kuti ulere uja unapita kuti. Mwana wosapereka ankabwezedwa chimodzimodzi ngati kale, dzina lokha la ndalamayo ndi limene linasintha.

Pali chinthu chimodzi chimene chikusiyanitsa lero ndi 1994, ndipo chimandipatsa chiyembekezo ndi mkwiyo nthawi imodzi. Mu 1994 aphunzitsi ophunzitsidwa kunalibe, boma linatola amene linawapeza. Lero alipo. Pa trading centre yathu pali mtsikana amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi, satifiketi ili m'sutikesi, iye ali m'kabenchi ka Airtel Money. Wina wa digiri ya maphunziro akuyendetsa kabaza wa njinga yamoto ya mlamu wake. Achinyamata amene anamaliza maphunziro a uphunzitsi wa pulaimale a IPTE akhala akudikira zaka kuti alembedwe, ena kumangotengedwa ngati othandizira a kanthawi. Tikadzaonanso kalasi ya Fomu 1 ya ana 130 ili ndi mphunzitsi wobwerekedwa ku pulaimale, pasadzapezeke wonena kuti anthu kunalibe.

Ndipo pulaimale isaiwalike chifukwa maso onse ali ku sekondale. Mwana amene wafika Sitandade 4 osadziwa kuwerenga, sekondale yaulere siimukhudza, sadzafikako n'komwe. Ndimathandiza ana a oyandikana nawo madzulo pakhonde panga, ndipo mwezi wathawu mnyamata wa Sitandade 5 analephera kuwerenga mawu oti "chimanga" pathumba la mbewu. Ndinamufunsa kuti m'kalasi mwawo alimo angati. Anati sadziwa, koma iye amakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, ndipo aphunzitsi dzina lake salidziwa.

Mdzukulu wa mlongo wanga uja ali Sitandade 8 chaka chino, ndipo mutu wa masamu anatengera agogo ake. Akasankhidwa, mosakayika apita ku CDSS ya kuseri kwa phiri, makilomita asanu ndi awiri kuchokera pakhomo. Njinga ndamulonjeza kale, nkhumba imodzi ipita. Tsiku lotsegulira ndidzamuperekeza ndekha, ndipo ahedi a kumeneko andikhululukire, ndidzapempha kuona rejisitala ya Fomu 1 ndi mndandanda wa aphunzitsi. Zimene ndikapeze ndidzakulemberaninso, Akonzi, mukadzandipatsa malo.

Mphunzitsi wopuma,
Dowa